Pulogalamu Yaufulu Ili ndi Mwini Wake: Zimene Malaisensi Amalola ndi Zimene Amakaniza

Aliyense amene anaikapo pulogalamu mu kompyuta kapena mu foni amachidziwa chikalata chachitali chija chimene chimayamba kutulukira, chimene ambirife timangodina kuvomera tisanawerenge ngakhale mzere umodzi. Chimenecho ndi laisensi. Kawirikawiri nkhani yake imakhala yoletsa: musakopere anzanu, musagulitse, musafufuze mmene tinaipangira, musasinthe kanthu. Koma pali mapulogalamu ena, monga Linux (yoyendetsa kompyuta), Firefox (yotsegulira masamba a pa intaneti), VLC ndi LibreOffice, amene malaisensi awo amayamba ndi kulola. Amakuuzani kuti tengani, gawirani ena, tsegulani muone za m'kati, ndipo ngati china sichikukusangalatsani konzani. Anthu ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti mapulogalamuwa ndi zinthu zotola, zopanda mwini, zoti munthu angachite nazo chilichonse. Maganizo amenewa afikitsa makampani ena kukhoti.

Pa Chingerezi mapulogalamuwa amatchedwa free software, ndipo liwu lakuti free lakhala likusokoneza anthu chifukwa limanena zinthu ziwiri. Chichewa chimasiyanitsa bwino: ulere ndi wina, ufulu ndi wina. Apa tikunena za ufulu. Pulogalamu ikhoza kuperekedwa ulere koma ili yotsekedwa, yoti simungaione m'kati kapena kuisintha, monga zilili ndi mapulogalamu ambiri a mu foni. Ina ikhoza kugulitsidwa pa mtengo wokwera koma ili yaufulu ndithu. Palibe laisensi yaufulu imene imaletsa kugulitsa.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambire pa lamulo la copyright, limene limateteza umwini wa zimene munthu walemba kapena kupeka. Mayiko ambiri padziko lapansi anasaina pangano la Berne, limene linayamba mu 1886, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yakuti umwini umabadwa nthawi yomweyo imene munthu walemba chinthu. Sipafunika kukalembetsa kulikonse. Mapulogalamu a pakompyuta amatetezedwa ndi lamulo lomweli ngati zolembedwa zina zonse. Choncho munthu akalemba pulogalamu n'kuiika pa intaneti osanenapo kanthu, lamulo limangotenga kuti sanalole aliyense kuikopera, kuisintha kapena kuigawa. Kuoneka poyera sikupereka chilolezo. Chilolezo chimachokera kwa mwini, ndipo laisensi ndi mawu a mwiniyo onena zimene walola komanso zimene akufuna kuti wolandirayo achite.

Chinthu china chofunika kuchidziwa ndi chakuti pulogalamu imakhala m'maonekedwe awiri. Pali khodi imene anthu amalemba ndi kuwerenga, yotchedwa source code, ndiye pali imene yasandutsidwa kuti makina aiyendetse, imene munthu sangaiwerenge mosavuta. Kuuza munthu kuti ali ndi ufulu wosintha pulogalamu koma osamupatsa khodi yowerengekayo kuli ngati kumupatsa nyumba n'kusunga makiyi. Ndiye chifukwa chake nkhani ya malaisensi imangozungulira pa funso lakuti khodiyo ndani ayenera kuiona.

Richard Stallman, amene ankagwira ntchito pa yunivesite ya MIT ku United States, anakumana ndi zimenezi pa makina osindikizira a pa ofesi. Makinawo ankakonda kutsekereza mapepala, ndipo iye ankafuna kusintha pulogalamu yake kuti izidziwitsa anthu vuto likachitika, monga anachitira ndi makina akale. Khodi anamukaniza. Mu 1983 analengeza ntchito ya GNU, yolemba mapulogalamu onse oyendetsera kompyuta amene aliyense angagawane, ndipo mu 1985 anakhazikitsa bungwe la Free Software Foundation. Bungweli limati pulogalamu ndi yaufulu ngati woilandira ali ndi maufulu anayi: kuigwiritsa ntchito pa cholinga chilichonse, kuiphunzira ndi kuisintha, kugawira ena makope ake, ndiponso kugawa makope osinthidwawo. Mu 1998 kunabwera gulu lina, la Eric Raymond ndi Bruce Perens, limene linakonda dzina lakuti open source n'kukhazikitsa Open Source Initiative. Magulu awiriwa amasiyana pa zifukwa. Loyamba limati ndi nkhani ya chilungamo pakati pa anthu, lachiwiri limatsindika kuti mapulogalamu opangidwa poyera amatuluka abwino. Koma pa malaisensi amene amavomereza, amagwirizana pafupifupi pa onse.

Mawu akuti cholinga chilichonse ndi olemera kuposa mmene amamvekera. Laisensi ikanena kuti pulogalamuyi musachitire malonda, kapena kuti asilikali asaigwiritse ntchito, yatuluka kale m'gulu la malaisensi aufulu, ngakhale woilembayo atakhala ndi mtima wabwino chotani. Poyamba zimenezi zinkandivuta kuzimvetsa. Ndinadzaona kuti munthu aliyense akamaikamo choletsa chake, mapulogalamu sangaphatikizikenso, ndipo wogwiritsa ntchito angafunike loya pa chilichonse chimene wakhudza.

Malaisensi aufulu alipo ambiri, koma mabanja akuluakulu ndi awiri.

Banja loyamba ndi lolekerera. M'menemu muli laisensi ya MIT, ya BSD imene inachokera ku yunivesite ya California ku Berkeley, ndi ya Apache. Ya MIT ndi yaifupi moti munthu amaimaliza pa mphindi imodzi. Imalola kugwiritsa ntchito, kukopera, kusintha, kuphatikiza ndi kugulitsa, ndipo imangopempha chinthu chimodzi: mawu onena mwini wake pamodzi ndi laisensiyo asachotsedwe m'makope. Kampani ikhoza kutenga khodi yotere, kuisintha, kuiika m'katundu wake n'kutseka zonse osaonetsa aliyense. Sikuba, mwini analola. Umu ndi mmene zigawo za FreeBSD, pulogalamu yoyendetsera kompyuta imene ili pansi pa laisensi ya BSD, zinapezekera mu macOS ya Apple ndi m'makina a masewera a PlayStation 4. Laisensi ya Apache 2.0, ya mu 2004, ndi yaitaliko chifukwa imakhudzanso ma patent, amene amateteza njira yochitira chinthu osati mawu olembedwa. Aliyense wopereka khodi pansi pa laisensiyi amalolanso kuti ma patent ake okhudza khodiyo agwiritsidwe ntchito, ndipo amene angasumire ena kuti pulogalamuyo ikuphwanya patent yake amataya chilolezo cha ma patent chimene iye anali nacho. Makampani akuluakulu amaikonda chifukwa cha mfundo imeneyi, ndipo mbali yaikulu ya Android ili pansi pake.

Banja lachiwiri ndi la copyleft, ndipo mutu wa banjali ndi GNU General Public License, imene anthu amangoti GPL. Yoyamba inatuluka mu 1989, yachiwiri mu 1991, yachitatu mu 2007. Nzeru yake ndi yochititsa chidwi: imatenga lamulo lomwe lija loletsa kukopera n'kuligwiritsa ntchito poteteza kugawana. Mwini amati, ndakupatsani maufulu onse anayi, koma mukamapereka pulogalamuyi kwa wina, kaya mwaisintha kaya ayi, mumupatse pansi pa laisensi yomweyi, ndiponso mumupatse khodi yake. Musawonjezere choletsa chanu. Ufulu umene mwalandira uyende ndi pulogalamuyo kulikonse kumene ikupita. Akale anati kupatsa n'kuika, ndipo GPL inalemba zimenezi m'chilankhulo cha maloya.

Mkangano wa mabanja awiriwa sunathe ndipo sindikuona kuti udzatha, chifukwa onse akunena za ufulu koma wa anthu osiyana. Olekerera amaganizira wolemba mapulogalamu amene watenga khodiyo lero, kuti asamangidwe manja. A copyleft amaganizira munthu wa kumapeto kwenikweni, amene adzagule foni kapena rauta (kachipangizo kogawa intaneti) patapita zaka khumi, kuti naye adzapeze chitseko chili chotsegula. Ine mtima wanga umapendekera kwa munthu wa kumapetoyo, chifukwa ndi amene alibe mawu pamene zinthu zikukonzedwa. Koma ndimavomereza kuti pali nthawi imene kulekerera kumathandiza kwambiri. Ngati cholinga ndi chakuti njira inayake yolumikizirana kapena yosungira mafayilo ifale paliponse, ngakhale m'mapulogalamu otsekedwa, laisensi yosavuta imafika kutali.

Pa GPL pali zinthu zimene anthu amalakwitsa mobwerezabwereza. Udindo wopereka khodi umayamba pokhapokha pamene mwapereka pulogalamuyo kwa munthu wina. Mukaisintha n'kumaigwiritsa ntchito nokha, kapena m'kati mwa bungwe lanu, palibe amene angakukakamizeni kuonetsa zimene mwasintha. Komanso udindowo ndi wa kwa amene mwawapatsa, osati dziko lonse. Mukagulitsa pulogalamu ya GPL kwa makasitomala atatu, atatuwo ndi amene ali ndi ufulu wolandira khodi, kungoti simungawaletse kuigawira ena. GPL yachiwiri imalola kuti m'malo motumiza khodi pamodzi ndi katundu, mulembe lonjezo lakuti mudzaipereka kwa aliyense woipempha, ndipo lonjezolo likhale la zaka zosachepera zitatu. China n'chakuti kalata imene mwalemba ndi pulogalamu ya GPL, kapena chithunzi chimene mwakonza nayo, ndi zanu. Laisensi imatsata pulogalamu, simatsata ntchito imene mwagwira nayo.

Povuta kwenikweni ndi pa malire. GPL imagwira pulogalamu yatsopano imene yachokera mu yakale kapena yaphatikizidwa nayo n'kukhala chinthu chimodzi. Siigwira pulogalamu imene yangoikidwa pambali pa inzake m'kompyuta imodzi. Pakati pa ziwirizi pali chigwa chachikulu. Mapulogalamu ambiri amamangidwa ndi zidutswa zokonzeratu zotchedwa malaibulale, ndipo funso lakuti pulogalamu imene ikuitana laibulale ya GPL yasanduka chinthu chimodzi nayo limagawanitsa ngakhale akatswiri a malamulo. Free Software Foundation imati inde. Ena amati zimadalira mmene zalumikizidwira. Pofuna kuchepetsa mantha amenewa panabwera malaisensi apakatikati. LGPL imati laibulale yokhayo ikhale yaufulu pamodzi ndi zosintha zake, koma pulogalamu yoigwiritsa ntchito ikhoza kukhala yotsekedwa. Mozilla Public License, imene Firefox ili pansi pake, imaika malire pa fayilo: mukamagawa pulogalamuyo, khodi ya fayilo imene mwaisintha muiperekenso, mafayilo anu atsopano muchite nawo zimene mukufuna. Linux nayo inanena momveka kuti mapulogalamu wamba amene amangoyenda pamwamba pake sakhudzidwa ndi GPL yake, n'chifukwa chake foni ya Android imatha kukhala ndi Linux pansi ndi mapulogalamu otsekedwa pamwamba.

Nthawi inasintha zinthu zina zimene olemba GPL ya 1991 sanazione. Masiku ano mapulogalamu ambiri satumizidwa kwa munthu. Amakhala pa seva, kutanthauza kompyuta ya kampani, ife timangowafikira kudzera pa intaneti. Popeza palibe kope limene laperekedwa, kampani ikhoza kusintha pulogalamu ya GPL mmene ingafunire, kutumikira nayo anthu mamiliyoni, osaonetsa mzere ndi umodzi womwe. Laisensi ya AGPL, imene mtundu wake wachitatu unatuluka mu 2007, inatseka mpata umenewu ponena kuti amene akugwiritsa ntchito pulogalamu yosinthidwayo kudzera pa netiweki apatsidwenso mwayi wotenga khodi.

Mpata wina unaonekera pa makina ojambulira mapulogalamu a pa TV a kampani ya TiVo. Makinawo ankayendera Linux ndipo kampaniyo inkapereka khodi monga mwa lamulo, koma anapangidwa moti munthu akaikamo pulogalamu imene wasintha yekha, ankakana kuiyendetsa. Khodi muli nayo, ufulu wosintha muli nawo papepala, koma pa chipangizo chimene munagula ndi ndalama zanu simungachite kanthu. GPL yachitatu inaletsa zimenezi pa katundu wogulitsidwa kwa anthu wamba. Linus Torvalds, amene anayamba Linux mu 1991 n'kuiika pansi pa GPL mu 1992, anakana mfundoyi. Kwa iye pangano linali losavuta: ndakupatsani khodi, mundibwezere khodi, za makina anu n'zanu. Mpaka lero Linux ili pa GPL yachiwiri yokha. Mapulogalamu ena ambiri analemba kuti GPL yachiwiri kapena ina iliyonse yobwera pambuyo pake, ndipo timawu tochepa timeneti n'timene tinawalola kusamukira ku yachitatu popanda vuto.

Apa m'pamene pamabwera mutu wopweteka wa kuphatikiza. Khodi ziwiri zikhoza kukhala zaufulu zonse koma osaloledwa kukhala m'pulogalamu imodzi, chifukwa laisensi ya ina ikufuna chimene ya inzake ikukaniza. Khodi ya MIT imalowa bwinobwino m'pulogalamu ya GPL, koma chotulukacho chimayenda pansi pa GPL, ndipo njira yobwerera kulibe. Apache 2.0 imagwirizana ndi GPL yachitatu koma osati yachiwiri, chifukwa cha mfundo zake za ma patent. Laisensi yakale ya BSD inkafuna kuti aliyense wotsatsa malonda a pulogalamuyo atchule yunivesite ya California, ndipo kamfundo kameneka kanali kokwanira kuiletsa kuphatikizidwa ndi GPL mpaka yunivesiteyo inakachotsa mu 1999. N'chifukwa chake anthu odziwa ntchitoyi amalangiza kuti munthu asapeke laisensi yakeyake. Asankhe pa zimene zilipo kale, zimene anthu akudziwa mmene zimakhalirana.

Kodi zonsezi zili ndi mano? Zili nawo. Munthu akaphwanya mfundo za laisensi, chilolezo chake chimatha, ndipo amasanduka wokopera popanda chilolezo monga wina aliyense. Mu 2004 khoti la ku Munich ku Germany linaletsa kampani ya Sitecom kugawa katundu amene munali khodi ya GPL popanda kutsata mfundo zake, pa mlandu umene anayambitsa Harald Welte, mmodzi wa olemba khodiyo. Mu 2008 khoti la apilo ku United States, pa mlandu wa Jacobsen ndi Katzer wokhudza pulogalamu yoyendetsera tisitima toseweretsa, linagamula kuti mfundo za laisensi yaufulu zikhoza kutetezedwa ndi lamulo la copyright ngakhale pulogalamuyo inaperekedwa ulere. Koma nkhani imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya rauta ya Linksys WRT54G. Mu 2003 anthu anazindikira kuti inkayendera Linux koma khodi yake sinaperekedwe. Atapanikizidwa, eni ake anaitulutsa, ndipo pa khodi imeneyo panabadwa OpenWrt, imene lero imayendetsa mitundu yambirimbiri ya marauta, ena mwa iwo oti opanga ake anasiya kalekale kuwasamalira. Milandu yambiri yotere imathera pa kukambirana, chifukwa chimene eni khodi amafuna kawirikawiri ndi khodiyo, osati chipukuta misozi. GPL yachitatu inaikamonso mpata wokonza: wolakwa koyamba akakonza pasanathe masiku 30 chilandirireni chidziwitso, chilolezo chake chimabwerera.

Pafupifupi laisensi iliyonse yaufulu ili ndi ndime ya zilembo zikuluzikulu yonena kuti pulogalamuyi yaperekedwa mmene ililimu, popanda chitsimikizo chilichonse. Ikakuwonongerani ntchito, wolembayo sakulipirani. Ena amaona ngati n'kuthawa udindo, koma munthu amene wapereka ntchito ya manja ake kwa dziko lonse sangasenzenso milandu ya dziko lonse. Wofuna chitsimikizo amachita pangano lapadera ndi kampani yothandiza, ndipo Red Hat inakula ndi malonda amenewa. Dzina ndi chizindikiro cha pulogalamu nazonso sizilowa mu laisensi ya khodi. Mukhoza kusintha Firefox n'kuigawa, koma kuitchulabe Firefox ndi nkhani ina. Debian, gulu logawa Linux pamodzi ndi mapulogalamu ena aufulu, inakhala zaka pafupifupi khumi, kuyambira 2006 mpaka 2016, ikugawa yake pansi pa dzina lakuti Iceweasel chifukwa cha kusamvana pa mfundo imeneyi.

Tibwerere kwa mwini uja. Laisensi imamanga olandira, siimanga mwini. Amene ali ndi umwini wa khodi yonse akhoza kuipereka kwa ena pansi pa GPL, n'kuigulitsanso kwa ena pansi pa pangano lotsekedwa, ndipo akhoza kusintha laisensi ya mitundu yobwera m'tsogolo. Makampani ena amapempha aliyense wothandiza kulemba khodi kuti asaine chikalata chowapatsa mphamvu zimenezi, ndipo ambiri amasaina osaganizira kutali. Zotsatira zake zaoneka m'zaka zaposachedwapa. Kampani ya MongoDB inasiya AGPL mu 2018 n'kutenga laisensi yakeyake imene Open Source Initiative sinaivomereze. Kampani ya HashiCorp nayo inachotsa pulogalamu yake ya Terraform pa laisensi yaufulu mu 2023, ndipo kampani ya Redis inatsatira mu 2024 ndi pulogalamu yake ya dzina lomweli. Dandaulo lawo linali lomveka: makampani akuluakulu ogulitsa ntchito za pa seva ankapeza phindu ndi mapulogalamuwo kuposa amene ankawalemba. Sindikuona kuti ndi dandaulo lopeputsa, pakuti olemba mapulogalamu nawonso amafunika malipiro. Koma anthu amene anathandiza kwa zaka akukhulupirira kuti akumanga chinthu cha onse anamva kuti apusitsidwa, ndipo nawonso sankalakwa.

Chimene makampaniwo sakanatha kuchita ndi kulanda zimene anapereka kale. Mtundu womaliza umene unatuluka pansi pa laisensi yaufulu unakhalabe waufulu, ndipo anthu anautenga n'kupitiriza okha: ku Terraform kunachokera OpenTofu, ku Redis kunachokera Valkey. Mu 2025 Redis inawonjezera AGPL pa malaisensi ake, koma Valkey inali itaima kale payokha.

Linux ili pa mbali inayo. Torvalds sanapemphe aliyense kuti amupatse umwini, choncho munthu aliyense kapena kampani iliyonse imene inalembapo chidutswa imasungabe umwini wa chidutswacho. Eni ake alipo masauzande, amwazikana m'mayiko ambiri, ndipo ena anamwalira umwini wawo n'kupita kwa olowa m'malo awo. Kuti laisensi ya Linux isinthe pangafunike kuwapeza onsewo kuti avomere, kapena kulembanso mwatsopano gawo la aliyense amene wakana kapena sanapezeke.